Ndikufuna kukasewetsa madala gofu pa Île aux Cerfs, amene munafikako ndithandizeni

NaPhiri wa ku Randburg: Moni nonse pagulu pano. Nkhani yanga ndi yaitali pang'ono, mundipirire. Bambo anga akukwanitsa zaka 70 mu February. Moyo wawo wonse anali kadi pa bwalo lina la gofu ku Blantyre, zaka zoposa 30 akunyamula zikwama za anthu, ndipo ife ana asanu tinaphunzira ndi ndalama za pa phewa limenelo. Masewerawa amawadziwa kuposa mabwana ambiri amene ankawanyamulira, koma iwo kusewera kwawo kunali kwa Lolemba m'mamawa, tsiku la makadi, ndi ndodo zitatu zobwereka. Sanalowepo pa bwalo ngati mlendo wolipira. Ine ndasunga kangachepe kuno ku Joni ndipo ndikufuna ndiwatenge iwo ndi amayi tipite ku Mauritius, akasewere pa kachilumba ka Île aux Cerfs. Amayi za gofu alibe nazo ntchito, iwo ndi a maluwa ndi dimba. Tili ndi masiku asanu. Amene munafikako, ndiyambire pati?

Tiya: Achemwali mwandiliritsa m'mawa uno. Mulibe malo a mwana wachisanu ndi chimodzi? Ndimadya pang'ono kkkk

Chisale wa ku Area 47: Mwasankha bwino mayi. Ndinasewerapo kamodzi ndipo mpaka lero ndikadali kulira mipira yanga. Bwalolo ndi la maenje 18, par 72 (kutanthauza kuti katswiri amayenera kulimaliza atamenya ka 72), analitsegula mu 2003. Chilumba chonsecho ndi mahekitala 87, ndipo bwalo latenga 38, kumwera kwake. Kulibe msewu wopitako, mumakwera boti pa doko la Pointe Maurice pafupi ndi mudzi wa Trou d'Eau Douce, mphindi zochepa mwafika. Dzenje lililonse nyanja mukuiona. Koma chenjezo: si bwalo lachifundo. Malo ambiri mpira uyenera kuuluka kudumpha madzi kapena mitengo ya m'matope a m'nyanja ija, ndipo m'mbali muli miyala yakuda ya chiphalaphala. Mpira ukagunda mwala umenewo umapita kwa eni ake. Madala atenge mipira yosachepera dazeni.

Ndipo muwauze ichi, chiwasangalatsa. Amene anajambula bwaloli ndi Bernhard Langer wa ku Germany, amene anapambana mpikisano waukulu wa gofu wa Masters mu 1985 ndi 1993. Iyeyo anali mwana wa mmisiri womanga nyumba, ndipo gofu anayambira pa ukadi ali kamnyamata, kufupi ndi Augsburg. Ndiye akakhala akusewera pa bwalo la kadi mnzawo.

NaPhiri wa ku Randburg: A Chisale, za Langer sindinkadziwa! Ndawaimbira pompano kuwauza, angoti "amene uja wa putter yaitali?", kunena ndodo yolowetsera mpira m'dzenje. Ndiye kuti amamudziwa kale, ine ndi amene ndili m'mbuyo.

Ankolo a ku Ndirande: Mwana wanga ndiyankhule ngati kholo, usakwiye. Ndalama za matikiti atatu, hotela, ndi kumenya kampira tsiku limodzi, ukanati uwagulire malata atsopano ndi matumba a feteleza a zaka zitatu, sakanakudalitsa koposa? Munthu wa zaka 70 amafuna denga losadontha. Ngati ndi madzi, ku Mangochi kuli madzi. Ngati ndi gofu, ku Mulanje kuli bwalo pansi pa phiri, lokongola kwabasi. Zinazi timachitira Facebook.

Tiya: Ankolo afika ndi feteleza wawo kkkkk

NaPhiri wa ku Randburg: Ankolo sindikukwiya, funso lanu ndi loona ndipo mlongo wanga wamkulu ananena zomwezo. Malata tinakhoma chaka chatha, feteleza timagula chaka chilichonse mosinthana. Koma kusewera kwathu konkuno ndinawafunsapo, anakana. Akuti akalowa pa bwalo lililonse la kwathu, theka la anthu amawadziwa ngati kadi, wina adzawaitana dzina lawo loyamba n'kuwafunsa kuti green, kapinga wosalala wozungulira dzenje uja, ikupendekera kuti. Ndikufuna malo amene palibe akuwadziwa.

Ankolo a ku Ndirande: Hmm. Apo ndamva. Komabe ndalama zake ndi zambiri.

Mai a Mphatso: Moni achemwali, ine ndimakhala ku Mauritius konkuno, ku Quatre Bornes, chaka chachinayi tsopano. Choyamba chenicheni: February musiyeni. Nyengo ya anamondwe kuno imayamba November mpaka April, ndipo January ndi February ndiye pachimake. Freddy uja asanafike kwathu mu March 2023 anadutsa kaye kumpoto kwa chilumba chino mu February, ndege zinaima, maboti onse anakokeredwa kumtunda. Mu January 2024 Belal anasefukiritsa likulu la dzikoli, Port Louis, magalimoto akuyandama mumsewu ngati mabeseni. Chenjezo likangotuluka, boti la ku Île aux Cerfs silinyamuka, ndipo masiku anu asanu atha muli m'chipinda. Kutentha kwa February nakonso n'kwa chinyontho, kwa munthu wamkulu maola anayi padzuwa si bwino.

June mpaka August kulibe anamondwe koma mbali ya kum'mawa, komwe kuli chilumba chanucho, kumaomba mphepo ya kumwera chakum'mawa, mwera weniweni ngati wa ku Nkhotakota. Ine ndikanati October, kapena kumapeto kwa September. Tsiku lobadwa mudye keke kunyumba, ulendo ubwere pambuyo.

Chisale wa ku Area 47: Zoona zimenezo. Ine ndinapita mu July, mphepo inkabweza mpira ngati wautumiza kwa munthu wokana ngongole.

NaPhiri wa ku Randburg: Eish, ndinali nditatsala pang'ono kulipira matikiti a February. Mwandipulumutsa mayi. Nanga za mapepala?

Mai a Mphatso: Ndi pasipoti ya Malawi simufunika viza ya pasadakhale ngati mukubwera kudzacheza. Koma pa bwalo la ndege amafuna kuona tikiti yobwerera ndi umboni wa komwe mukagone, ndiye sindikizani papepala, musadalire foni. Pali fomu ya pa intaneti yodzaza musananyamuke, ya zolowera m'dziko ndi zaumoyo pamodzi. Ndipo makolo muwauziretu ichi asadzadzidzimuke: kuno malungo anawathetsa, ndiye anthu ochokera kumaiko a malungo ngati kwathu a zaumoyo amawatsatira. Akhoza kukuimbirani kapena kubwera komwe mwagona kudzatenga kadontho ka magazi pachala. Ndi zaulere, si mlandu. Apongozi anga atabwera ankaganiza kuti abwera kudzawathamangitsa.

Kuchokera ku Johannesburg ndi maola anayi pa ndege, ndipo nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri. Bwalo la ndege lili kumwera chakum'mawa kufupi ndi Mahébourg, ndiye Trou d'Eau Douce si kutali, pafupifupi ola limodzi pa galimoto. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu.

Wamitengo wa ku Zomba: Ine ndilankhulire amayi, chifukwa nonse mwathamangira gofu. Muwatengere ku Pamplemousses, kumpoto kwa Port Louis. Dzina lake lonse ndi Sir Seewoosagur Ramgoolam Botanical Garden, ndipo amauwerengera kuti ndi munda wa zomera wakale kwambiri kumwera konse kwa dziko lapansi. Unayamba ngati dimba la ndiwo la bwanamkubwa wachifalansa Mahé de La Bourdonnais m'ma 1730, kenaka Pierre Poivre anaukonza kukhala munda weniweni cha m'ma 1770. Poivre ameneyu anali wozembetsa mbewu. Nthawi imeneyo Adatchi ankaumira nutmeg ndi ma clove kuti zisamere kwina kulikonse kupatula kuzilumba zawo za Moluccas, iye anatumiza anthu kukaba mbande n'kudzadzala kumeneko.

Ndi mahekitala 37, ndipo migwalangwa yokha ilipo mitundu yoposa 80. Pali umodzi wotchedwa talipot umene umakhala zaka makumi angapo osachita maluwa, kenaka umatulutsa ngala imodzi yaikulu pamwamba, n'kubala, n'kufa. Koma chimene amayi sadzaiwala ndi dziwe lalitali lija la maluwa a m'madzi a Victoria amazonica. Masamba ake ndi ozungulira okhala ndi mkombero wopindikira m'mwamba, ndendende lichero, koma lichero loti munthu wamkulu n'kugonamo. Duwa lake limatseguka loyera usiku woyamba, lachiwiri lasanduka lofiirira.

Langizo langa: lipirani wokuyendetsani wa pachipata. Mukayenda nokha mungoona mitengo yobiriwira basi. Iwo amathyola tsamba, kulifikisa, n'kukununkhizani, uyu sinamoni, uyu clove, uyu kamfa. Pitani m'mawa mabasi a alendo asanafike.

Tiya: Mtengo wodikira zaka zonsezo kuti uchite maluwa kamodzi n'kufa, umenewo ndi ine ndi chibwenzi changa

NaPhiri wa ku Randburg: A Wamitengo zikomo. Vuto ndi limodzi, amayi anga sadutsa duwa osathyola kanthambi. Ku ukwati, ku maliro, ku chipatala, amabwerako ndi kanthu kokulunga pa chitenje. Pakhomo pathu pali maluwa a m'maboma onse.

Wamitengo wa ku Zomba: Kkkk amayi athu onse ndi choncho. Koma apa muwagwire dzanja ndithu. M'mundamo n'zoletsedwa, komanso kudutsa nazo malire popanda chilolezo ndi mlandu, ku Joni komweko akakulandani. Ndipo si nkhanza za boma chabe. Namasupuni amene watsamwitsa Shire kwawo ndi ku South America, anafalitsidwa ndi anthu oti anangomuona kukongola. Ku Mauritius komweko akulira ndi gwafa wina wamng'ono wofiira amene amamutcha goyave de Chine, ngakhale kwawo kwenikweni ndi ku Brazil. Wadzaza nkhalango yonse ya kumapiri, mitengo yachilengedwe ikulephera kumera pansi pake. Mukakayenda ku paki ya Black River Gorges mukaona malo ena otchingidwa ndi waya, m'kati anazula gwafayo ndi manja kuti nkhalango yakale ibwerere. Mukayerekeza m'kati ndi kunja kwa waya ndi ngati maiko awiri.

Mai a Mphatso: Koma gwafayo ndi wokoma abale, tisanamizane. Nyengo yake ikafika mabanja athunthu amakwera kumapiri ndi zidebe, amadya ndi mchere ndi tsabola.

Wamitengo wa ku Zomba: Ndiye vuto lakelo mayi. Anthu, anyani ndi nguluwe onse akudya n'kumwaza njere.

NaPhiri wa ku Randburg: Ku Black River Gorges ndimafunako, koma maondo a amayi ndi ovuta. Bambo ndiye ayi, munthu woyenda maenje 36 pa tsiku ndi chikwama, mpaka lero amatisiya m'mbuyo.

Wamitengo wa ku Zomba: Pali njira za aliyense. Pakiyo anaikhazikitsa mu 1994, kukula kwake ndi masikweya kilomita 67, ndipo tinjira toyenda pansi tikaphatikizidwa timapitirira makilomita 50. Kulowa ndi ulere. Amayi akhoza kuona zambiri osatuluka thukuta: pa Alexandra Falls ndi pa malo oonera chigwa chachikulu galimoto imafika pafupi, mumangoyenda masitepe ochepa. Anyani ali pomwepo, musagwire chakudya m'manja. Bambo ndi inu yambirani pa Pétrin kulowera ku Macchabée, njira yake ndi yosakwera kwambiri ndipo kumapeto mumaona chigwa chonse mpaka kunyanja. Akafuna phiri, Piton de la Petite Rivière Noire ndi lalitali kuposa onse, mamita 828 okha. Kwa munthu wodziwa Mulanje ndi chulu, koma chakumapeto kuli matope oterera.

Muyang'ane mbalame. Kuli njiwa ya pinki, kuli chinkhwe chobiriwira cha komweko, ndi kakabawi kakang'ono ka Mauritius kestrel kamene mu 1974 kanatsala anayi okha padziko lonse, akatswiri n'kukaweta mpaka kuchulukanso. Dziko limene linataya mbalame ya dodo mpaka kutheratu linaphunzirapo kanthu. Tengani majuzi, kumtundako kumazizira ndi kuwaza mvula ngati pa Ku Chawe, ngakhale kunyanja kukuwotcha.

Aphunzitsi Opuma: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mwana wanga, cholinga chako ndi chabwino, Mulungu akudalitse. Ndingopempha chinthu chimodzi. Mukatsika ku Black River Gorges, musabwerere musanafike pa Le Morne, kumwera chakumadzulo. Ndi thanthwe lalikulu la mamita 556 loloza m'nyanja, limene bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2008. Kumeneko n'kumene akapolo othawa m'minda ya nzimbe ankabisala. Akapolo a pachilumbacho ambiri anachokera ku Madagascar ndi ku gombe la kum'mawa kwa Africa, kudzera ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique. Onse a kumtunda kuno ankangowalemba kuti "Mozambique", koma m'gulumo munali Amakua, Ayao, ndi Amaravi. Kunena kwina, ena mwa anthu amene anagumula miyala ndi kudzala nzimbe zimene mukazione m'mbali mwa msewu anali a kwathu kuno, ogwidwa m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi.

Ukapolo unathetsedwa kumeneko pa 1 February 1835, ndipo tsikuli ndi holide mpaka lero. Anthu a komweko amasimba kuti asilikali atakwera phirilo kukawauza kuti amasulidwa, othawawo anaganiza kuti abwera kudzawagwira, ndipo ena anadziponya kuphompho. Imeneyo ndi nkhani ya pakamwa, koma m'munsi mwa phirilo muli malo a chikumbutso okhala ndi ziboliboli, ofikika ndi galimoto. Amayi sakafunika kukwera. Kungoima pamenepo mphindi khumi.

Chisale wa ku Area 47: Aphunzitsi mwandichititsa manyazi. Ine ndinasewera gofu pa bwalo lina moyang'anizana ndi phiri limenelo, ndinangolijambula chithunzi osafunsa kanthu.

Ankolo a ku Ndirande: Ndiye mwaona? Makolo athu anapita kumeneko mu unyolo kukalima shuga, ife tikupita ndi ndalama zathu kukawapatsanso. Dziko ili.

Mai a Mphatso: Ankolo, "kukawapatsa" ndani? Amene akayendetse boti, kuphika, ndi kutchetcha udzu pa bwalopo ambiri ndi zidzukulu za akapolo omwewo ndi za amwenye amene anabweretsedwa pa kontrakiti kuyambira 1834 ukapolo ukutha. Ine ndimakhala nawo, ndimapemphera nawo. Alendo akasiya kubwera, oyamba kugona ndi njala ndi iwowo, tinaziona nthawi ya Covid. Mahotela akuluakulu eni ake ndi ena, zimenezo sindikana. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti gonani m'nyumba za alendo za m'mudzi ku Trou d'Eau Douce, idyani za m'misewu. Dholl puri wa pa ngolo, gateaux piments wotentha wa m'kapepala, mine frite. Ndalama yanu ikafika m'manja mwa munthu.

Ankolo a ku Ndirande: Nsima iliko?

Mai a Mphatso: Kulibe ankolo, kuno ndi mpunga ndi buledi. Achemwali, funsani nyumba yokhala ndi khitchini. Ufa wachikasu wa chimanga umapezeka m'masitolo akuluakulu, si wa kwathu koma umagwira mthiko. Madala a zaka 70 masiku asanu opanda nsima adzakuimbani mlandu.

Mjomba Yusufu: Ine ndiwonjezere za maboti chifukwa zinandionekera. Ngati mukupita kukasewera, boti lanu ndi la bwalo la gofu, mulibe vuto. Koma mukafuna tsiku lina kungopita kugombe la chilumbacho, pa Trou d'Eau Douce pali anyamata ambiri okopa anthu. Ife tinagwirizana ndi wina mtengo wopita ndi kubwera, kuphatikiza kukaona mathithi a Grande Rivière Sud Est ndi nsomba yootcha. Tili pakati pa madzi anayamba kuti mathithi ndi mtengo wina. Pobwerera anati 3 koloko, anafika 5 koloko ife titakhala pamchenga ngati katundu wosowa mwini. Ndiye gwirizanani zonse muli kumtunda, alembe papepala, ndipo theka la ndalama mulipire pobwerera. Ambiri ndi anthu abwino, ife tinangogwa pa woipa.

China, gulani nsapato za m'madzi. Pansi pali tizilombo tozungulira taminga ngati kanungu, mukaponda ulendo wathera pomwepo. Ndipo musayembekezere kuona agwape ngakhale dzina la chilumbacho likutanthauza chilumba cha agwape. Anatha kalekale pamenepo. Mukawaona ku Pamplemousses m'khola, pafupi ndi akamba akuluakulu aja.

Chisale wa ku Area 47: Zomaliza kwa ine. Lembani imelo ku bwalo pasadakhale musungitse nthawi, ndipo pemphani ya m'mawa kwambiri mphepo isanadzuke. Afunseni za handicap, nambala yosonyeza luso la wosewera, muwafotokozere mbiri ya madala mosabisa. Malaya akhale a kolala, jinzi ayi. Ndodo akhoza kubwereka komweko, musavutike kunyamula pa ndege. Koma dziwani kuti kumeneko anthu amayenda pa tingolo ta batire, ndiye mwina sakapeza kadi woti amunyamulire chikwama.

NaPhiri wa ku Randburg: Zikomo nonse. Ndasintha, tipita October. Ndidzabwera kudzakuuzani.

NaPhiri wa ku Randburg: Abale, ndabwera ndi lipoti monga ndinalonjezera. Tafika dzana. Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mai a Mphatso, a zaumoyo anabweradi tsiku lachiwiri, amayi anawalandira ndi tiyi. Ufa wachikasu tinaupeza, bambo akuti nsima yake ndi ya nthawi ya njala koma anamaliza mbale. Ku Pamplemousses amayi anaima pa dziwe la malichero lija mphindi makumi atatu osayankhula, kenaka anandifunsa kuti kodi pansi pake pali chiyani chogwirizira. Wotiyendetsa anatisonyeza tsamba lina lotembenuzika, kunsi kwake kuli mitsempha yokhuthala ngati phaso la denga, ndi minga. Anapezanso mlambe, anaupatsa moni ngati munthu wakwawo. Potuluka ndinawasecha. Ndinapeza timbewu tiwiri pa mfundo ya chitenje, akuti tinagweramo tokha. Tinatisiya pachipata.

Ku Macchabée bambo anandisiya m'mbuyo monga ndinanenera. Njiwa ya pinki tinaiona imodzi kufupi ndi Pétrin, kakabawi ayi. Aphunzitsi, pa Le Morne tinaima. Ndinawawerengera zimene munalemba. Amayi anayambitsa nyimbo ya maliro ya kwathu chapansipansi, ine ndinalephera kuyimba nawo.

Tsopano tsiku la gofu. Nthawi yathu inali 7:40, bambo anadzuka 4 koloko kusita malaya amene anali ositasita kale. Pa boti sanayankhule. Titafika, mnyamata wa pabwalo anabwera ndi chikwama cha ndodo zobwereka kuti akachimangirire pa kangolo. Bambo anachilanda. Osati mwaukali, dzanja linangopita lokha, chikwama chili kale pa phewa. Mnyamatayo akuti "Sir, ndi ntchito yanga", bambo agwiritsitsa lamba. Anakokerana kanthawi ndithu, mpaka ndinawauza m'Chichewa kuti bambo, lero ndinu bwana, musiyeni mwanayo adye. Anasiya. Koma anamutsatira kukaona mmene wamangira, n'kumukonzera lamba mmodzi.

Asanamenye mpira woyamba anagwada pa green yoyeserera n'kusisita udzu ndi chikhatho, uku ndi uku. Anafunsa dzina lake, anawauza kuti paspalum, wopirira mchere. Akuti udzu umenewu mpira suthamanga ngati mmene maso akuuzira, uyenera kuumenya molimba mtima. Anatiphatikiza ndi banja lina lachizungu, achikulire ndithu. Ine ndinali woyendetsa kangolo ndi wolemba, ngakhale kulembako ankachita kundiuza.

Dzenje loyamba manja ankanjenjemera, mpira unapita m'mitengo. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kuganiza za feteleza wa ankolo. Kuyambira lachinayi anakhazikika, ndipo ndinaona munthu amene sindinamuonepo. Samenya patali, koma mpira umapita pomwe wauuza. Pamene azungu aja ankalimbana ndi kudumpha madzi n'kumira, iwo ankadutsa chammbali, kawiri, n'kufika. A Chisale, pa dazeni yanu anataya itatu yokha, ndipo anatola isanu ya anthu ena m'miyala. Diso la kadi silipuma.

Chimene chinandipweteka n'kundiseketsa nthawi imodzi: mzungu wamwamuna atamenya kuchoka mumchenga, ndinangoona bambo atenga kale chopalira akusalaza mapazi a munthuyo. Pa green akuthamangira kukagwira mbendera. Ndinawakoka malaya katatu konse. Pofika dzenje la 12 azungu aja anali atazindikira kuti munthuyu amawerenga green ngati nyuzipepala, anayamba kuwafunsa mzere. Apo ndinaopa kuti zija tinathawa kwathu zatipeza. Koma mayi wachizunguyo atalowetsa mpira wautali potsatira malangizo awo, mwamuna wake anapita yekha kukagwira mbendera kuti bambo amenye, ndipo kuyambira pamenepo ankasinthana. Pa 18 anavula zipewa n'kugwirana chanza. Anamaliza ndi 91.

Mnyamata wa chikwama uja bambo anamupatsa ndalama yochuluka kuposa imene ndikanalola, anaipinda kaye kawiri n'kumupatsira m'chikhatho mobisa. Akuti ndi mmene iwo ankakondera kulandirira, osati kuponyeredwa pagulu. Amayi nthawi yonseyi anali pansi pa mitengo kugombe, mapazi m'madzi, atavala nsapato za a Mjomba Yusufu pamwamba pa masokosi.

Tiya: Pamwamba pa masokosi 😭😭 amayi ndi amayi basi

Aphunzitsi Opuma: Zikomo mwana wanga poima pa Le Morne. Uwapatse moni makolo.

Wamitengo wa ku Zomba: Timbewu tiwiri mwapeza, fufuzaninso m'chikwama cha m'manja kkkk

Mai a Mphatso: Ndadandaula kuti sitinaonane, ndinali pa shifiti sabata yonse. Ulendo wina mudzagone kwathu.

Ankolo a ku Ndirande: 91 ndi zambiri kapena zochepa? Ine sindidziwa zimenezi.

Chisale wa ku Area 47: Ankolo, pa bwalo limenelo, munthu wa zaka 70, ndodo zobwereka, tsiku loyamba kuliona? Ine ndinamenya 103 ndili ndi ndodo zanga ndi handicap yanga. Mayi, khadi lolembapo zigoli mwasunga?

NaPhiri wa ku Randburg: Lili m'Baibulo mwawo, pa Masalimo.

Ankolo a ku Ndirande: Chabwino. Koma feteleza wa chaka chino mwagula?

NaPhiri wa ku Randburg: Tagula ankolo, matumba anayi, ali kuchipinda.

Chisale wa ku Area 47: Mayi, muwafunse madala ngati angalole kubwera ku Lilongwe adzasewere nane ngati mlendo wanga. Kuno sawadziwa. Transipoti ndi zonse ndi zanga, ndikufuna andiphunzitse kuwerenga green.

NaPhiri wa ku Randburg: Ndawaimbira a Chisale. Akuti abwera mvula isanayambe, koma lisakhale Lolemba.